Spitfire ya pa tebulo: sankhani ndege imodzi ndi mwezi umodzi musanadule kanthu

Anthu ambiri akatsegula bokosi la tizigawo ta pulasitiki topangira kachifanizo ka Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain, amathamangira guluu. Pofika madzulo mapiko alowa, mchira walowa, ndege yaima. Koma mukaifunsa kuti ndi Spitfire iti, ya chaka chiti, ya gulu liti, yankho palibe. Ili ndi pulopela ya mtundu wina, chiwongolero cha kumchira cha mtundu wina, penti wa 1940 ndi zizindikiro za 1944. Ndege yotero sinaulukepo. Ntchito yopanga ndege zazing'ono zolondola imayambira pa chithunzi, osati pa mpeni, ndipo Spitfire ndiyo imaphunzitsa bwino zimenezi chifukwa inasinthasintha kwambiri. Yoyamba, K5054, ya R. J. Mitchell wa kampani ya Supermarine, inauluka pa 5 Malichi 1936 ku Eastleigh. Pomwe ankasiya kuzipanga zinali zitaposa 20,000, ndipo yomaliza inkasiyana ndi yoyamba pafupifupi paliponse.

Tiyeni titenge imodzi yodziwika bwino, Mk IX (Mk ndi chidule cha Mark, kutanthauza mtundu). Inalowa pankhondo pakati pa 1942 chifukwa Focke-Wulf Fw 190 ya ku Germany inali itaiposa Mk V. Anaika injini ya Merlin 61, yaitali kuposa yakale, ndiye mphuno inatalika. Pulopela inakhala ya masamba anayi, mapaipi a utsi asanu ndi limodzi mbali iliyonse, ndipo pansi pa mapiko panakhala marediyeta awiri ofanana, pomwe Mk I ndi Mk V zinali ndi yaikulu kumanja ndi kochepa koziziritsa oilo kumanzere. Izi n'zosavuta kuona. Zovuta zili m'kati mwa Mk IX momwemo. Zoyambirira zinali ndi kampata kafupi kolowetsa mpweya pansi pa mphuno, zam'mbuyo zinali ndi kakatali kokhala ndi sefa. Zoyambirira zinali ndi chiwongolero chozungulira pamwamba, zambiri zam'mbuyo chosongoka ndi chotakata. Matuza ophimba mfuti zazikulu pamwamba pa phiko anali otakata poyamba, kenako anachepa. Phiko la mtundu wa C linkanyamula kawirikawiri mfuti ziwiri za Hispano za 20 mm ndi zinayi za Browning .303, pomwe la E linali ndi ziwiri za 20 mm ndi ziwiri za .50. N'chifukwa chake kampani ya Eduard ya ku Czech Republic imagulitsa Mk IX yoyambirira, yam'mbuyo ndi ya phiko la E m'mabokosi osiyana.

Chitsanzo chabwino cha msampha ndi zilembo JE-J za Johnnie Johnson, katswiri woyendetsa ndege wa RAF, asilikali a mumlengalenga a Britain. Mu 1943, akutsogolera gulu la pa bwalo la ndege la Kenley ku England, ankayendetsa ndege ya nambala EN398. Mu 1944 ankayendetsa MK392, ya zilembo zomwezo. Mizere yakuda ndi yoyera ya nthawi youkira Normandy ku France inajambulidwa mu Juni 1944, choncho ili pa MK392. Mukaipaka pa EN398 ya nthawi ya Johnson mwasakaniza ndege ziwiri. Choncho tengani pepala, lembani nambala ya ndege, mwezi ndi malo, ndipo m'bukhu la malangizo muzungulize ndi pensulo tizigawo tokhato togwirizana ndi ndegeyo. Totsalato dulani musunge kutali, kuti dzanja lisatenge molakwika usiku.

Za sikelo. Mapiko a Mk IX, kuchokera nsonga kufika nsonga, ndi mamita 11.23. Pa 1/72, kutanthauza kuchepetsa ka 72, ndiye masentimita 15.6, pa 1/48 ndi 23.4, pa 1/32 ndi 35.1. Masamu amenewa musawataye, chifukwa muyeso uliwonse wa ndege yeniyeni mudzaugawa chimodzimodzi. Kwa ine 1/48 ndiyo yoyenera ndege ya injini imodzi: chipinda cha woyendetsa chimaoneka, zala zimatha kugwira, ndipo shelefu siidzaza msanga. Ya 1/72 ndi yotsika mtengo ndipo kampani ya Airfix ili nazo zabwino zophunzirira, koma galasi lake limakhala lochindikala poyerekeza ndi kukula kwa ndege, ndipo kulakwitsa kwa theka la milimita kumakhala kofanana ndi mamilimita 36 pa ndege yeniyeni.

Zida sizifunika kudzaza tebulo. Chodulira cha mano athyathyathya, mpeni wa nsonga wa nambala 11 ndi masamba ake angapo, chopanira chosongoka, sandipepa ya 400, 600, 1000 ndi 1500, tepi yachikasu ya Tamiya, timitengo totokosera mano, ndi guluu wa mitundu itatu. Mitundu itatuyo ili ndi ntchito zosiyana, ndipo kuisokoneza ndiko kumawononga ndege zambiri.

Woyamba ndi guluu wa pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin. Ameneyu samata ngati phala, koma amasungunula nkhope ziwiri za pulasitiki kuti ziwotcherane. Mumagwira zigawo ziwirizo pamodzi zili zouma, n'kukhudza msoko ndi kaburashi, guluu n'kuyenda yekha m'kati. Dikirani masekondi 10 kapena 15, kenako finyani pang'ono mpaka kamkanda ka pulasitiki yosungunuka katuluke pamsoko. Kamkandako musakapukute. Kakauma mudzakapala, ndipo msoko udzakhala wodzaza wopanda putty, phala lodzazira mipata. Chenjezo ndi lakuti guluuyu amayendanso pansi pa chala ndi pansi pa tepi. Chala chikakhala pafupi ndi msoko, chidindo chake chimatsala pa phiko. Ndiponso sagwira pa penti, ndiye pamalo olumikiza palani penti mpaka pulasitiki ioneke. Wachiwiri ndi supagulu, wa tizitsulo topyapyala, resin ndi chilichonse chosakhala pulasitiki. Wachitatu ndi guluu woyera wa matabwa, wa magalasi. Supagulu pafupi ndi galasi amatulutsa nthunzi yomwe imasiya chifunga choyera m'kati, malo amene simungafikenso ndege ikatsekedwa.

Podula chigawo pa chimango cha pulasitiki chimene chimabwera nacho m'bokosi, siyani kachitsa ka milimita imodzi, kenako mukachotse ndi mpeni ndi sandipepa. Mukadula pafupi kwambiri pulasitiki imang'ambika n'kusiya dzenje. Magalasi ndiwo osachedwa kusweka: pulasitiki yoonekera ndi yolimba koma yophwanyika, ndipo mng'alu woyera ukalowa suchoka. Siyani chitsa chachitali, muchidye pang'onopang'ono ndi sandipepa. Yang'ananinso timabwalo tating'ono tomwe makina amasiya pokankha chigawo mu chikombole. Tikakhala m'kati mwa chitseko kapena pa zophimba mawilo, tidzaoneka, ndiye tidzazeni tsopano.

Chipinda cha woyendetsa ndicho chimayamba chifukwa thupi likatsekedwa simulowanso. Makoma ake anali a mtundu wobiriwira motuwa, umene penti wa Humbrol 78 amaufikira, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito Tamiya XF-71. Mpando wa Mk IX sunali wobiriwira. Unkapangidwa ndi mapepala oumitsidwa ndi resin, mtundu wake wofiirira ngati njerwa yootcha, wokhala ndi khushoni yakuda kumsana. Spitfire inalibe pansi penipeni m'chipindamo, mapazi ankaponda pa zopondera za chiwongolero zokhala pa timipiringidzo, ndiye bokosi likakupatsani thabwa lathyathyathya dziwani kuti ndi lakale ndipo alifupikitsa. Pa chitseko cha kumanzere pamakhala kachitsulo kophwanyira galasi pangozi. Anthu amakonda kukapaka kofiira chifukwa amaona tero pa ndege zokonzedwanso, koma kufiirako ndi chizolowezi cha pambuyo pa nkhondo. Kasiyeni kachitsulo kapena kobiriwira motuwa. Malamba a pampando ndiwo amaoneka koposa kudzera pagalasi. Ngati mulibe achitsulo, dulani tepi m'tizingwe ta milimita imodzi ndi theka pa 1/48, mupake mtundu wa khaki wotumbuluka.

Musanathire guluu pa thupi, yesani kaye zonse zili zouma: mbali ziwiri za thupi, chipinda m'kati, phiko la pansi ndi am'mwamba, zonse zogwidwa ndi tepi. Apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu ya Spitfire. Mapiko ake amakwera kuchoka pathupi kupita kunsonga ndi madigiri 6. Chipinda cha woyendetsa chikakhala chosalowa bwino, chimatambasula thupi ndi kachigawo kochepa ka milimita, thupilo n'kukankha mapiko kuti agone. Ndege imatha bwinobwino koma ikaonedwa kutsogolo imakhala ngati nkhuku yonyowa, ndipo palibe penti amene angabise zimenezo. Mankhwala ake ndi kupala m'mbali mwa zigawo za chipinda mpaka thupi litseke popanda kufinya. Thupi likachepa, n'kusiya mpata pamizu ya mapiko, ikani kamtengo ka chimango m'kati kalitambasule, m'malo modzaza mpatawo ndi putty. Pomata, kokani tepi kuchokera pansi pa nsonga ina, kudutsa pamwamba pa thupi, kufika pansi pa nsonga inayo, muisiye usiku wonse. Yezani ndi rula kutalika kwa nsonga zonse ziwiri kuchokera patebulo. Ziyenera kufanana. Onaninso kumchira kuti timapiko tiwiri tagona mowongoka ndipo chiwongolero chaima chilili.

Tembenuzani ndege muyang'ane pomwe kumbuyo kwa phiko kumakumana ndi mimba. Pa Spitfire yeniyeni malowa amapindika mokwera, ngati mapiko a mbalame yam'nyanja. Mabokosi akale ambiri anawapanga athyathyathya, ndipo odziwa amayamba kuyang'ana pomwepo. Ngati bokosi lanu lili nawo bwino, samalani kuti sandipepa isawadye.

Misoko imafuna kuleza mtima kuposa luso. Pamwamba pa mphuno ndi pamsana ndi pomwe kuwala kumagwera, ndiye msoko wochepa bwanji umaoneka. Guluu wosungunula amapitiriza kuuma m'kati kwa masiku angapo, pulasitiki n'kumafota. Mukapala tsiku lomwelo, msoko umaoneka wasowa, koma patapita sabata umabwereranso ngati kamzere kozama pansi pa penti. Dikirani masiku awiri kapena atatu. Putty wa m'chubu nayenso amafota, choncho mupake wochepa, mumpatse maola 24, ndipo muike tepi mbali zonse za msoko kuti asafalikire pa mizere ya malata. Mpata waukulu umafuna putty wa Milliput: magawo awiri ofanana, kukanda mpaka mtundu ukhale umodzi, kusalaza ndi chala chonyowa asanaume. Supagulu amadzazanso bwino ndipo safota, koma mumpale ola lisanathe, chifukwa akakhalitsa amalimba kuposa pulasitiki, sandipepa n'kumadya m'mbali n'kusiya mtumbira pakati. Palani ndi madzi, kuyambira 400 kukafika 1000, sandipepa itakulungidwa mozungulira kuti msana usaphwatalale. Mizere imene yafufutika ibwezeni ndi singano yogwidwa bwino, motsatira tepi yolimba, mokanda mopepuka katatu kapena kanayi osati mwamphamvu kamodzi.

Galasi liphimbidwe ndi tepi musanalimate. Ngati bokosi lilibe zophimba zodula kale, dulani tepi m'tizingwe ta milimita imodzi, mutsate m'mphepete mwa chimango cha galasi, kenako mudzaze pakati. Tsindirani m'mbali ndi kamtengo. Penti woyamba pa chimangocho akhale wobiriwira motuwa uja wa m'chipinda, chifukwa ndiye adzaoneke kuchokera m'kati, kenako mitundu ya kunja ibwere pamwamba pake.

Tsukani ndege ndi madzi a sopo wochepa kuti mafuta a zala achoke, iume, kenako pakani penti woyambira (primer) monga Mr Surfacer 1200. Ntchito zake ndi ziwiri: kugwiritsa penti wotsatira, ndi kuulula zolakwa. Yang'anani pa kuwala kochokera m'mbali. Msoko ukaoneka, bwererani. Palibe amene amadutsa pano kamodzi.

Tsopano mitundu. M'chilimwe cha 1940 ndege zomenyana za RAF zinali Dark Green ndi Dark Earth pamwamba, ndipo kuyambira Juni chaka chimenecho pansi pake panali Sky. Mu Ogasiti 1941, nkhondo itasamukira pamwamba pa nyanja ndi ku France, anasintha: Dark Green ndi Ocean Grey pamwamba, Medium Sea Grey pansi, chipewa cha pulopela ndi lamba wozungulira thupi pafupi ndi mchira za Sky, ndi kamzere kachikasu kutsogolo kwa mapiko chakunsonga. Mk IX ya ku Britain ya 1943 ili m'mitundu imeneyi. Tamiya ali ndi XF-81, XF-82 ndi XF-83 za mitundu itatuyo, ndi XF-21 wa Sky. Ku Humbrol ndi 163, 106, 165 ndi 90. Malangizo akale a Airfix amatchula Humbrol 30 pa Dark Green, koma amapendekera ku buluu kuposa mmene Dark Green anali, ndipo ine ndimaona 163 kukhala pafupi. Ku North Africa mitundu inali Dark Earth ndi Middle Stone pamwamba, Azure Blue pansi. Wofuna kupanga ya asilikali a South Africa, amene anayendetsa Spitfire ku North Africa ndi ku Italy, akumbukire kuti pakati pa chizindikiro chawo chozungulira ankaika mtundu wa lalanje m'malo mwa wofiira.

Yambani ndi mitundu yowala. Pakani Sky pa malo a lamba, aume, muphimbe. Lambayo anali mainchi 18, ndiwo mamilimita 457, choncho pa 1/48 ndi 9.5 ndipo pa 1/72 ndi 6.35. Mizere ya Normandy pa ndege za injini imodzi inalinso mainchi 18 uliwonse, isanu: woyera, wakuda, woyera, wakuda, woyera. Thupi limachepa polowera kumchira, ndiye tepi yotakata imakwinyika. Zungulizani kachingwe kopyapyala kutsogolo ndi kena kumbuyo, mudzaze pakati. Wachikasu saphimba bwino pa wotuwa, amasanduka wobiriwira, choncho ikani woyera pansi pake. Zikatha izi pakani Medium Sea Grey, kenako Ocean Grey, Dark Green pomaliza.

Pa airbrush (kachipangizo kopopera penti ndi mpweya) ya kamwa ka 0.3 mm, sakanizani gawo limodzi la penti wa Tamiya ndi limodzi kapena awiri a thinazi wa X-20A, akhale ngati mkaka. Mpweya ukhale pakati pa 15 ndi 18 psi, mtunda masentimita 6 mpaka 8. Pakani mopyapyala katatu. Penti akagwa ngati mchenga, wauma ali m'njira: mwatalikira, mpweya wachuluka, kapena kunja kwatentha. Vutoli limakula pakona ya phiko ndi thupi pomwe mpweya umazungulira, ndipo m'mwezi wa Okutobala kwathu kuno limakula koposa. Pakani m'mawa, onjezerani thinazi pang'ono, yandikirani. Penti akayenderera ngati miyendo ya kangaude, wachepa mphamvu kapena mwaima pamalo amodzi. Nyengo ya mvula ili ndi lakenso vuto: chinyezi chimachititsa vanishi ndi penti wa m'chitini chopopera kuyera ngati chifunga, ndipo madzi amasonkhana m'paipi ya kompuresa n'kulavula pa phiko. Kasefa kamadzi pa paipi n'kofunika. Spiriti wa isopropyl amasungunula bwino penti wa Tamiya, koma penti wa Vallejo amamuundanitsa n'kutseka kamwa ka airbrush. Tsegulani mawindo, valani chotseka pamphuno choyenera, makamaka ndi lacquer. Oitanitsa kunja adziwenso kuti zitini zopopera ndi mankhwala oyaka kawirikawiri saloledwa pa katundu wa ndege, ndiye penti wosungunuka ndi madzi ndiye amafika mosavuta.

Malire a Dark Green ndi Ocean Grey pa Spitfire anali akuthwa kapena ofewa pang'ono chabe. Chifunga chotakata chimene ena amapopera pamanja chikakulitsidwa ka 48 chimakhala chosatheka. Njira yabwino ndi kukulitsa chithunzi cha m'malangizo pa makina mpaka mapiko akwane masentimita 23.4, kudula mapepala, ndi kuwamata ndi timipira ta Blu Tack, phala lomata lochotseka, kuti akwere pafupifupi milimita imodzi pamwamba pa phiko. Kapena pindani Blu Tack ngati nyongolotsi za mamilimita 3, mutsate malire, mudzaze ndi tepi. Poperani molunjika kuchokera pamwamba. Mukapendeketsa, penti amalowa pansi mbali ina n'kusiya mbali ina yakuthwa.

Wopanda airbrush asadzione wotsalira. Burashi yathyathyathya yofewa ndi penti wosungunula bwino zimapereka ndege yoyera. Chinsinsi ndi kuvomereza kuti kupaka koyamba kuoneke konyansa. Pakani katatu kapena kanayi mopyapyala, kulikonse mopingasa ndi kwapitako, ndipo musabwerere pamalo amene ayamba kuuma. Humbrol enamel avundulidwe mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka matope a pansi asungunuke, apo ayi sauma ndipo amanyezimira. Mpatseni maola 6 musanapakenso. Vallejo Model Color amayenda bwino pa burashi, pomwe Tamiya amauma msanga n'kumatukula wapansi.

Zizindikiro zimabwera pa pepala lonyika m'madzi, ma decal. Amafuna nkhope yosalala. Penti wosanyezimira ali ndi timabowo tosaoneka, mpweya umatsekeredwa pansi pa decal, ndipo khungu lake loonekera limawala ngati siliva. Choncho pakani vanishi wonyezimira monga X-22 kaye, aume tsiku lathunthu. Dulani decal imodzi, muinyike m'madzi ofunda masekondi 10 mpaka 15, muiike pa kansalu mpaka iyambe kutsetsereka yokha. Mukaikakamiza imang'ambika, mukaisiya m'madzi nthawi yaitali guluu wake amatha. Nyowetsani malo ndi mankhwala a Micro Set, tsetseretsani decal, konzani ndi burashi yonyowa, kenako gubuduzani kathonje kuchokera pakati kupita kunja. Pakani Micro Sol, mankhwala ofewetsa decal, pamwamba. Decal idzakwinyika moopsa. Musaikhudze. Ili yofewa ngati phala panthawiyo, ndipo pofika m'mawa idzakhala italowa m'mizere yonse. Siliva akaoneka, bowolani ndi singano, thirani Micro Sol kachiwiri.

Yang'anani mitundu ya zizindikirozo. Panthawi ya nkhondo wofiira anali wakuda ngati njerwa ndipo buluu anali wozama. Wofiira wowala ndi wa nkhondo isanayambe kapena itatha. Kuyambira pakati pa 1942 chizindikiro chozungulira cha pathupi chinali cha mizere yopyapyala yoyera ndi yachikasu, mainchi 36, ndiwo mamilimita 19 pa 1/48. Cha pamwamba pa phiko chinali chofiira ndi buluu basi, mainchi 56, pafupifupi mamilimita 30. Zilembo za gulu zinali za Sky ndipo ziyenera kugwirizana ndi lamba. Ngati decal ndi penti wanu zasiyana kwambiri, sinthani penti, chifukwa ziwirizi zimakhala moyandikana.

Pa nkhani yokalambitsa ndege ndili ndi maganizo olimba. Mafashoni a masiku ano amadetsa mzere uliwonse ndi wakuda mpaka ndege kuoneka ngati khoma la njerwa. Pa zithunzi za nthawiyo mizere yambiri sioneka n'komwe mukatalikira mamita ochepa. Zimene zimaoneka ndi zophimba injini, timakomo ta mfuti, ndi malo opindika a chiwongolero. Tsekani ma decal ndi vanishi wonyezimira, sakanizani penti wa mafuta wa ojambula, wofiirira ndi kadontho ka wakuda, gawo limodzi pa magawo 10 a white spirit. Khudzani mzere, uyende wokha. Pakatha mphindi 20 kapena 30 pukutani ndi kansalu kouma molowera kumchira, mmene mphepo imayendera. Musamize ndege, chifukwa white spirit wambiri amafooketsa pulasitiki yopyapyala ndipo miyendo imathyoka. Kunsi kwa ndege, pa mitundu yotuwa, gwiritsani ntchito wotuwa wozama, osati wakuda.

Dothi lililonse likhale ndi chifukwa chake. Woyendetsa ankakwera kumanzere, ndiye penti wa pamuzu wa phiko la kumanzere ndiye amanyuka kwambiri, ndipo pensulo ya siliva yosongoka imakwanira. Utsi wa Merlin umasiya mzere wofiirira motuwa, wotsata kupindika kwa mpweya pamwamba pa phiko. Oilo ankadontha pansi pa injini n'kuyenderera pamimba. Mabowo a mfuti zazing'ono ankamatidwa ndi kansalu kofiira kuti fumbi ndi kuzizira zisalowe, choncho ndege yokonzekera ulendo ili ndi tinsalu tathunthu, yobwera kokamenya ili ndi tobowoka ndi mwaye pang'ono. Sankhani chimodzi. Masamba a pulopela ya Rotol pa Mk IX ambiri anali a matabwa opanikizidwa okutidwa, ndiye kuwajambula siliva wonyuka paliponse ndi kulakwa. Nsonga zake zachikasu zinali mainchi 4, ndiwo mamilimita 2 pa 1/48, ndipo anthu ambiri amazikulitsa kawiri. Chiwongolero cha kumchira chinali chokutidwa ndi nsalu, nachonso sichionetsa chitsulo.

Miyendo, pulopela, mlongoti wa wailesi ndi kapaipi ka pansi pa phiko la kumanzere zilowe pomaliza. Miyendo ya Spitfire ndi yoyandikana ndipo imapendekera kutsogolo, pa phiko la C koposa pa akale. Ikaima chilili ndege imaoneka ngati yaima pa ndodo. Matani ndi guluu wouma pang'onopang'ono, yerekezani ndi chithunzi cha kutsogolo ndi cha m'mbali, chirikizani ndege mpaka m'mawa. Palani pansi pa matayala pang'ono kuti aoneke osenza katundu. Ma flap, zigawo zotsika za kumbuyo kwa phiko, asiyeni otseka: oyendetsa ankawakweza atangotera chifukwa akatsika amatchinga mpweya wodutsa mu rediyeta, injini n'kutentha. Waya wochokera pa mlongoti kupita kumchira unali wa wailesi yakale ya HF. Mk IX ya ku Britain inali ndi VHF, choncho mlongoti ulipo koma wayayo palibe. Nyali ya nsonga ya kumanzere ndi yofiira, ya kumanja yobiriwira. Vanishi womaliza asakhale wouma ngati choko. Sakanizani vanishi wosanyezimira XF-86 ndi kadontho ka X-22 kuti patsale kuwala kochepa. Pochotsa tepi pagalasi, yendetsani mpeni watsopano m'mphepete kaye kuti penti wa chimango asatukuke nayo.

Kuona ndege yeniyeni kumathandiza maso kuzindikira kupyapyala kwa phiko ndi kuchepa kwa chipinda. Okhala ku Britain ali ndi RAF Museum ku Hendon ndi Imperial War Museum ku Duxford, komanso chionetsero chachikulu cha IPMS, bungwe la opanga zifanizo za pulasitiki, ku Telford mwezi wa Novembala. Ku Johannesburg, nyumba yosungira mbiri ya nkhondo ya ku Saxonwold ili ndi Spitfire, ndipo ku Gweru ku Zimbabwe kuli ina mwa zimene Southern Rhodesia (dzina lakale la Zimbabwe) inagula mu 1951. Koma musakopere mwachimbulimbuli. Ya ku Johannesburg ndi Mk VIII, imene wilo lake la kumchira limapindikira m'kati, pomwe la Mk IX silipindika. Ya ku Gweru ndi Mk 22, ya injini ya Griffon, pulopela ya masamba asanu ndi phiko lina. Ndege zosungidwa zapakidwanso penti kangapo, ndipo zouluka zili ndi mawailesi, malamba ndi matayala amakono. Pa funso la mtundu ndi tizigawo, chithunzi cha mwezi umene mwasankha ndicho chimalamula.

Ndege yatha iikeni m'bokosi loonekera kapena m'kabati ya magalasi. Fumbi la m'chilimwe limakakamira pa vanishi wosanyezimira, ndipo kulipukuta ndiko kumathyola milongoti. Likagwera, lichotseni ndi burashi yofewa yopakira ufa kumaso. Dzuwa la pawindo limachititsa vanishi ndi ma decal kukhala achikasu, ndipo kutentha kwa pansi pa malata kumatha kugonetsa miyendo yopyapyala. Ponyamula, dulani siponji kuti ndege igone pa mapiko, mawilo ali lendelende osakhudza pansi, pulopela mutaichotsa n'kuikulunga payokha.